Mzere umene amalume anaudula

Ndinadzuka kusanache, pamphasa, pakhonde la nyumba ya alamu anga ku Phalula. Sindikudziwa ngati ndinagonadi. Nyimbo za pa siwa zinali zitatha, m'nyumba munangotsala amayi ochepa akung'ung'udza pafupi ndi bokosi. Kunkazizira monga kumachitira mu Julayi. Abambo anali atazungulira chitsa chofuka, ena atafunda majekete kumutu. Adzukulu anadutsa ndi makasu ndi mapiki, osalankhula.

Malemuwo anali achemwali anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu. Ankakazinga nkhuku n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu waukulu. Anagwa Lolemba ali pachiwaya, Lachiwiri n'kutisiya kuchipatala. Madokotala anatiuza kuti ndi kuthamanga kwa magazi. Ine ndimaphunzitsa kupulayimale ku Ntaja, choncho abale anandipatsa ntchito yolemba ndi kuwerenga mbiri ya malemu.

Kutayera ndinakhala panjerwa kuseri kwa nyumba, pepala lili pabondo. Mbiriyo inali yaifupi: kubadwa, ubatizo, sukulu mpaka Fomu 2, ukwati, ana anayi amene onse ali pabanja, geni. Pansi pake ndinawonjezera mzere umodzi, wonena kuti chaka chino anayamba maphunziro a pa intaneti a za madayinoso, zinyama zimene zinatha kalekale anthu asanakhaleko, ndipo anakhoza mayeso a magawo onse amene anafika.

Zinayamba mu Febuluwale. Achemwali anandiimbira foni kundifunsa ngati zinali zoona zimene anaona pa kanema wina, kuti nkhuku ndi mtundu umodzi ndi zilombo zija. Ndinati sindikudziwa bwino. Anati, "Ndiye mumaphunzitsa chiyani, achimwene?" Nditabwera kudzacheza ndinawalembetsa kosi yaulere ya oyamba kumene, ndikuganiza kuti pakatha sabata atopa nayo. Sanatope. Ankaonera phunziro lililonse kawiri katatu, foni itatsamira botolo la mchere, uku akudikira mabasi obweretsa makasitomala. Chingerezi chinkawavuta, ndiye ankanditumizira mawu kuti ndiwamasulire. Kenaka anasiya kufunsa n'kuyamba kundiuza. Ankati mano a chinyama amaulula chimene chinkadya. Ankati kutalikirana kwa mapazi amene anatsala pamwala kumasonyeza ngati chinkayenda kapena kuthamanga. Tsiku lina ananditumizira chithunzi cha phazi la nkhuku ataliyika pambali pa chojambula cha phazi la dayinoso, zala zitatu kutsogolo konsekonse. Ndinayankha ndi kachizindikiro ka chala chachikulu basi, chifukwa ndinali kuchonga makope.

Amalume, eni mbumba, anabwera kudzaona pepalalo dzuwa litakwera pang'ono. Anawerenga atalitalikitsa ndi maso, mpaka anafika pamzere womaliza.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinawafotokozera.

"Satifiketi yake ilipo?"

"Iyayi, malume, anali asanamalize."

"Ndiye si maphunziro. Pamaliro sitinena zoseketsa anthu. Komanso akatekisiti ali pompano, ukufuna aziti mwana wathu anasiya za Mulungu n'kumatsata zilombo?"

Anatenga cholembera changa n'kudula mzerewo. Sindinatsutse. Ndinalibe mphamvu yoti ndikonde kapena kudana ndi chilichonse. Ndinapinda pepala n'kuika m'thumba la malaya.

Anthu anayamba kufika. Lole inatsitsa a mumpingo ochokera ku Balaka. Aphunzitsi anzanga a ku Ntaja anabwera pa minibasi, ena atavala makofiya awo, ndipo anakhala pansi pa mtengo wa mango. Ogulitsa malonda a pamsewu anabwera gulu limodzi, atasiya mabenchi awo opanda munthu. Kuseri, utsi wa nkhuni zaziwisi unkakwawa pansi, amayi akudula kabichi m'mabeseni maso ali ofiira. Aliyense ankandigwira dzanja n'kunena pepani, ine n'kumayankha zikomo. Ndinkaona zinthu zopanda pake: nsapato za munthu wina zosiyana zingwe, mbuzi ikudya nkhata ya maluwa imene inasiyidwa pansi. Cha m'ma teni kunayamba kuwaza kamvula ka chiperoni, ndipo palibe anasuntha.

Atatulutsa bokosi panja, amalume analankhula, kenaka anaitana ine. Ndinaimirira n'kuyamba kuwerenga. Mawu anga ndinkawamva ngati akuchokera kwa munthu wina. Nditafika pamzere wodulidwa uja, zilembo zinkaonekabe bwinobwino pansi pa inki, ndipo pakamwa panga panangopitiriza, monga ndimawerengera chilichonse cholembedwa pabolodi. Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Ndinazindikira zimene ndachita nditamaliza kale.

Kenaka kumbali ya ogulitsa malonda mayi wina anaseka, kuseka kwakufupi kumene kunathera m'kulira, ndipo anzake anamugwira mapewa. Ena ankafunsana chapansipansi kuti ndati chiyani. Amalume anayang'ana pansi. Akatekisiti anangotsegula buku lawo n'kuyambitsa nyimbo.

Manda ali kutsidya kwa msewu. Bokosi linkayenda pamapewa, amuna akulandirana osaima. Titafika pa tala, magalimoto anaima mbali zonse ziwiri mpaka tonse titawoloka. Tinadutsa pafupi ndi pamene achemwali ankagulitsira. Chiwaya chinali chovundikira, pamwamba atatsendereza ndi mwala.

Kumanda dothi linali lofiira ndi lonyowa pamwamba pokha. Adzukulu anagwira ntchito yawo mofulumira. Anaitana alamu kuti aike nkhata, kenaka ana, kenaka ife. Ndinaika yanga n'kubwerera pamalo panga. Ndinkadikira kuti misozi ibwera, koma sinabwere.

Pobwerera mayi uja anaseka anandipeza panjira. Anandiuza kuti iye amagulitsa tomato pabenchi loyandikana ndi la achemwali.

"Pepani achimwene, sikunali kunyoza," anatero. "Ndinangowakumbukira. Ankatisonkhanitsa kukakhala kopanda makasitomala. Ankati fupa ukalidula mkati muli mizere ngati ya chitsa cha mtengo, ukawerenga udziwa zaka za chinyamacho. Ife tinkawaseka, koma tinkamvetsera."

Kunyumba, anthu akusamba m'manja, amalume anandiitanira pambali.

"Unamva zimene ndinanena m'mawa?"

"Ndinamva, malume."

Anangoti chabwino. Anadya ndi akuluakulu anzawo, ndipo pochoka anatsanzika kwa aliyense kupatula ine.

Pofika madzulo lole inali itapita, mabenchi a kutchalitchi atabwezedwa, pabwalo patangotsala phulusa ndi mafuwa. Amayi otsala kugona pa siwa anali kukhitchini, akulankhula motsitsa. Ndinalowa pabalaza n'kupeza alamu atakhala okha pampando, akadali ndi jekete ya kumanda. Ndinakhala pafupi nawo.

"Mwachita bwino kuwerenga zija," anatero osandiyang'ana. "Ine sindinkazimvetsa. Akayamba kufotokoza ndinkangoti eya, eya."

Ndinati nanenso chimodzimodzi.

"Anamva kuti ku Karonga kuli mafupa a chinyama chotere, amene anafukulidwa konkuno ku Malawi. Anandipempha kuti tipite tikaone. Anati sakufuna china, kungoima pafupi aone kutalika kwake." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndinati tidzapita tikakolola."

Pakona ya chipindacho panali matumba a chimanga cha chaka chino, osanjikizana mpaka pawindo, osokedwa bwino pakamwa. Tonse awiri tinkayang'ana komweko. Kunja kunkada, ndipo panalibe amene anadzuka kukayatsa nyale.