Sabata imene ndinathirira nazale ya eni ake

Msana ukundiwawa, abale. Ndikulemba izi nditatsamira pilo, ndipo akazi anga akamadutsa akungoseka chamumtima. Wandipalamulira zimenezi ndi mtsikana wa Sitandade 6 dzina lake Esinati, mothandizana ndi pakamwa pangapa.

Nkhani yake ili motere. Tchuthi chachikulu chikafika, mipingo ya kwathu kuno ku Nsaru imakonza msasa wa ana. Amawatengera ku sukulu ina yogonera komweko cha ku Namitete kwa masiku asanu. Kumeneko amasewera mpira, amawerenga mabuku, amaimba, ndipo kumabwera anamwino ndi alangizi kudzacheza nawo. Ana a aphunzitsi ndi a eni magolosale amapita chaka ndi chaka. Ana a matenanti a m'maesiteti a fodya amangoona fumbi la lole imene yanyamula anzawo.

Chaka chino amayi a kutchalitchi kwathu anati zimenezi zathera pomwepo, ana ena osowa apite nawo. Anakonza tsiku lopereka, mayi Nabanda, mkulu wa gululo, atagwira chimkuzamawu. Ine, mphunzitsi wopuma ntchito wokhala ndi kapenshoni kake, ndinaimirira ndi envulopu ya mwana mmodzi wathunthu. Ndinayenda pang'onopang'ono kuti ndi a kumbuyo omwe andione bwino. Dzina langa linatchulidwa kawiri, nthungululu zinalira, ndipo sindibisa, ndinamva kukoma.

Patapita masiku atatu mayi Nabanda anafika pakhomo panga pa kabaza.

"Aphunzitsi, Esinati, mwana amene munamulipirira uja, sapita."

"Bwanji kodi? Ndalama yaperewera?"

"Ndalama ili bwinobwino. Bambo ake akana."

Ndinapsa mtima. Ndisanamuone n'komwe munthuyo, ndinali nditamuweruza kale kuti ndi uja wosadziwa ubwino wa sukulu. Ndinakwera njinga kulowera msewu wa ku Kabudula, ndikukonza ulaliki m'mutu mwanga njira yonse.

Bambo ake a Esinati ndi a Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe. Ndinawapeza kudimba ndi akazi awo, aliyense ali ndi makeni awiri, akuthirira nazale ya fodya. Anatula makeniwo, anandilonjera mwaulemu, nkundisiya kuti ndilalikire mpaka malovu anandiuma.

"Mwatha, aphunzitsi?" anandifunsa mofatsa. "Ife sitikukana kuti mwana akaone kwina. Koma taonani mabediwa. Mbewu yangomera kumene, imafuna madzi m'mawa ndi masana omwe, ndipo chitsime ndi icho chili kumunsi uko. Timathirira awiri, ine ndi mayi akewa. Esinati ndiye amatsala ndi khanda ndi kamlongo kake ka zaka zitatu. Iye akachoka, mayi ake atsala pakhomo, ndipo ine ndekha sindingamalize. Nazale ikapsa, bwana atiuza kuti timange katundu. Ndiye inuyo mukanasankha chiti?"

Ulaliki wanga unathera pomwepo.

Chapatali pang'ono panaima Esinati, khanda lili kumsana, akunamizira kuyang'ana mbalame. Mayi ake anandinong'oneza kuti mwanayo anachapa kale diresi yake tsiku lopereka lomwe lija nkuimanga mu jumbo, ndipo sakulola kuti wina aikhudze.

Apa m'pamene pakamwa panandipereka.

"Ngati vuto ndi kuthirira basi, ndizibwera ine."

A Makwinja anayang'ana mimba yanga, nkuyang'ana nsapato zanga zopolisha.

"Inuyo, aphunzitsi?"

"Ine ndemwe."

Walira mvula walira matope. Lolemba Esinati anakwera lole, ine ndinanyamula makeni. Bedi loyamba ndinangokhuthula madzi ngati ndikuzimitsa moto, timbewu tina nkukokoloka. A Makwinja anagwira mkono wanga nkunena kuti, "Pepani aphunzitsi, kwezani keni, muziyenda nayo. Madzi azigwa mowaza." Zaka zonse zija ndakhala ndikudzudzula ana a eni ake pa bolodi, lero wondidzudzula wapezeka, ndipo amachita mwaulemu kuposa mmene ndinkachitira ine.

Pofika Lachitatu ndinauza akazi anga kuti bwanji ndingolemba waganyu. Iwo anati, "Waganyuyo ndiye analonjeza, eti?" Ndinangokapopa njinga.

Koma musaganize kuti ndine ndekha ndinatumiza mwanayu. Pa kalata ya kumsasa analembapo kuti mwana aliyense abwere ndi bulangete, ndipo kwa a Makwinja ana atatu amafunda limodzi. Mayi wina wogulitsa mandasi pamsika, amene tsiku lopereka lija anakhala kumbuyo mutu uli pansi, atamva anangopita kunyumba kwake nkukatenga bulangete lake la alendo. Bambo wa kabaza anamunyamula Esinati kuchokera ku esiteti mpaka pamene lole imaima, osalandira kanthu. Agogo ena a ku Nambuma anatumiza ndowa ya mtedza kuti ana akakazinge kumsasako. Onsewa palibe amene dzina lake linamveka pa chimkuzamawu.

Tsono ndikufunseni, anzanga. Kodi tinayamba liti kuganiza kuti kupereka n'kwa anthu a maenvulopu okha?

Tsiku lopereka likafika, amene alibe ndalama amadwala mutu mwadzidzidzi, osabwera kutchalitchi. Amene wabwera amabisala kuseri kwa chipilala. Timawachititsa manyazi anthu amene ali ndi mtedza m'nkhokwe, njinga pakhonde, chikwama chimene chikungodyedwa ndi mphemvu pamwamba pa kabati, ndi manja awiri amphamvu. Tikatero timadandaula kuti anthu a masiku ano ndi ouma manja.

Nafenso a maenvulopu tili ndi matenda athu. Tikapereka timasamba m'manja, nkumadikira kuti atithokoze. Mwana akapanda kupita timati makolo ake ndi mbuli. Ndani wa ife amapita kukafunsa kuti, "Kodi chikumugwira mwendo mwanayu n'chiyani?" Ine sindinapite kukafunsa, ndinapita kukakalipa, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.

Mwana wa munthu wosauka sakhala mwana chabe pakhomo. Ndi mlezi, ndi wotunga madzi, ndi wolondera mbuzi kuti zisadye chinangwa chili padzuwa. Timakonda kunena pamisonkhano kuti ana asamagwire ntchito, azisewera, ndipo n'zoona. Koma ntchito imene mwana watula sisanduka nthunzi. Imagwera munthu wina, ndipo ngati munthuyo palibe, imabwerera kwa mwana yemweyo.

Musandimve molakwa. Ndalama ikufunika ndithu. Lole siyendera madzi a pachitsime, ndipo ana kumsasa sadya nyimbo. Amene muli nayo perekani, kaya ya mwana wathunthu, kaya musonkherane anthu anayi pa mwana mmodzi monga anachitira aphunzitsi a pasukulu ina kuno. Inu a m'tauni amene munakulira kuno, foni zanu zimatha kutumiza ndalama, si zojambulira nsapato zatsopano zokha. Ndipo ngati msana wanu uli ngati wangawu, lipirani waganyu kuti akathirire, palibe tchimo. Chachikulu n'chakuti muyambe mwafunsa eni nyumba chimene chikusowa, chifukwa mwina si chimene mwanyamulacho.

Pajatu akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ine ndinaika thukuta m'dimba la eni ake, ndipo ndatolapo kale kanthu. Ndakhala ku Nsaru zaka zambiri, ndikudutsa pa esiteti imeneyo pa njinga, osadziwa dzina la tenanti ngakhale mmodzi. Lero ndikudziwa kuti a Makwinja amaotcha chinangwa bwino kuposa aliyense amene ndikumudziwa, ndipo amatsatira mpira pa wailesi kuposa ine.

Loweruka masana lole inabwerako. Ndinali kudimba kukatsanzika makeni anga pamene Esinati anatulukira akuthamanga, bulangete lili pamutu. Mtsikana amene ndinkamuyesa wosayankhula uja sanatipatse mpata. Anagona pa bedi la pamwamba osagwa. Anadya dzira lathunthu yekha. Timu yake inapambana mpira wa manja, ndipo chigoli chomaliza anamwetsa ndi iye. Anamwino anamubwereka chomvetsera kugunda kwa mtima, ndipo anamva mtima wa mnzake ukugunda. Bambo ake ankangoti, "Eti?" uku akupukuta m'maso ndi chipewa, akunamizira thukuta.

Atamaliza anagwada pafupi ndi ine. Ndinakonza kolala, ndikuyembekeza zikomo wamkulu.

Zikomo ananenadi. Kenako anati, "Aphunzitsi, chaka chamawa ine ndisadzapitenso. Adzapite Patuma, mnzanga wa nyumba yachitatu apo. Kungoti iyeyo amalera ana atatu, ndipo nazale yawo ndi yaikulu kuposa yathuyi."

Ndinayang'ana kumene analozako. Mabedi a kwa Patuma ndi aatali ndithu, ndipo chitsime chawo chili patali kuposa chathu. A Makwinja anaseka mpaka kukhala pansi, ine ndinangogwira msana.

Envulopu ya Patuma ndidzapereka, imeneyo musade nayo nkhawa. Koma nazale yaikuluyo idzafuna makeni anayi, ndipo manja anga ndi awiri okha. Awiri enawo adzanyamula ndani mwa inu?