Mkaka Umene Unagona ku Zomba

Ndinayenera kuzindikira tsiku limene ndinapeza amayi anga ndi bambo a mwana wanga akunong'onezana kuseri kwa khitchini. Anthu awiriwa, chikwatirane ife, ankangopatsana moni chapatali, wina atayang'ana mtengo wa mango, wina zala za kumapazi kwake, monga achitira mkamwini ndi apongozi ake. Koma tsiku limenelo anali atagundanitsa mitu ngati ogulitsana mbuzi yakuba. Atandiona, amayi anayamba kufunsa ngati mvula ibwere msanga chaka chino. Unali mwezi wa Juni.

Mawa lake bambowo anati tipite ku Zomba masiku awiri tikaone phiri. Ndinaseka. Ife a ku Mangochi ndife oonedwa. Ndakula ndikuona alendo opita ku Chembe, khungu litapsa ndi dzuwa, akujambula usipa pathandala ngati kwawo sadya. Komabe ndisaname, mumtima ndinakondwa. Ndinali ndisanayendepo ulendo wopanda maliro kapena ukwati kumapeto kwake.

Ndinayamba kulongedza matewera. Mwana wathu wamkazi anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ankayamwa. Apa m'pamene anandikola ndi mantha anga omwe. Amayi anati kuphiri kumazizira zoopsa, mwana wobadwira kunyanja akangopuma mpweya wakumeneko ndi chibayo basi. Ine ndine mayi woti mwana akayetsemula kamodzi ndakwera kale kabaza wa kuchipatala, moti anamwino amandizindikira ndi mapazi ndisanalowe. Liwu loti chibayo linandikwanira. Matewera aja ndinawatulutsa m'chikwama ndi manja anga.

Ndili ndi setifiketi ya zakadyedwe koyenera. Ili mufelemu pabalaza, ndipo ntchito yomwe yagwira mpaka lero ndi yobisa mng'alu wa pakhoma. Choncho ndinalembera amayi malangizo tsamba lathunthu: phala nthawi yakuti, madzi owiritsa okha, zokazinga ayi. Analandira ndi manja awiri, mwaulemu wokayikitsa.

Ku Zomba tinakwera phiri pagalimoto yaing'ono yomwe inkalira ngati ikupepesa. Bambo a mwana anali atagula jekete lalikulu pakaunjika, la anthu a kumayiko a chisanu, ndipo ankaoneka ngati matiresi oyenda. Pamwamba tinapeza bambo wina wachikulire woonetsa alendo malo. Anatiyendetsa m'nkhalango ya paini mpaka pamalo pomwe amati munthu amaona dziko lonse. Panali nkhungu yokhayokha. Mkuluyo sanagwe mphwayi. Analoza kuyerako n'kunena kuti uko ndi Mulanje, uko nyanja ya Chilwa, apa pansi tauni. Ife tinkagwedeza mitu. Bambo a mwana anafika ponena kuti n'kokongola kwambiri. Tinajambulitsa titaima kutsogolo kwa chinthu choyera ngati khoma la chipatala.

Kenako anatitengera kudamu. Tangoganizani, anthu ochokera ku Mangochi kukwera phiri lonse lija kuti akaonetsedwe madzi. Bambo a mwana anakweranso hatchi, mwini wake ataigwira chingwe, ikuyenda pang'onopang'ono kuposa kabaza wonyamula matumba a chimanga pamlatho. Ankandikuwira kuti ndijambule mbali yomwe chingwecho sichikuoneka.

Ine nthawi yonseyi maganizo anali pachifuwa. Pofika masana mawere anali atalimba ngati mapapaya aawisi. Galimoto ikagunda bampu ndinkaluma mlomo. Ndinaimbira amayi kasanu ndi kawiri. Yankho linali limodzi: akusewera, ndipo foni ankadula ndisanafunse za phala.

M'mawa wa tsiku lachiwiri tinaima pamsewu kuti tigule zipatso za sitiroberi. Mayi wogulitsayo anayang'ana bulauzi yanga, yomwe inali itanyowa malo awiri, n'kufunsa kuti mwana ali ndi miyezi ingati. Nditamuuza, anatembenukira kwa bambo a mwana akumwetulira.

"Mwachita bwino, bambo. Masiku awiri amakwana. Ine wanga pomuletsa ndinangopita kwa achemwali anga ku Songani. Koma inu ndiye apamwamba, kuletsera mwana bere pamwamba pa phiri."

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Iye anayang'ana sitiroberi ngati muli nkhani yofunika m'kati mwake.

Kwathu amati mayi akagona kutali ndi mwana woyamwa, mkaka umasasa, ndipo mwana akauyamwa amatsegula m'mimba. Ndiye ukangogona kunja usiku umodzi, kuyamwitsa kwathera pomwepo. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso kuti n'zabodza, funso lake linabwera pamayeso ndipo ndinakhoza. Chomwe sindinaganize n'chakuti anthu angandikonzere ulendo wonse, ndi hatchi yomwe, kuti mkaka wanga ugone ku Zomba.

Mwamuna wanga anaulula tili chiimire pomwepo. Anati nzeru inali ya amayi, iye anangothandiza mayendedwe. Anati mwana wakula, ali ndi mano, amaitanitsa bere ndi mawu omveka bwino m'minibasi anthu n'kumaseka. Anatinso iye watopa kugona m'mphepete mwa bedi ngati mlendo. Ndinamufunsa ngati chibayo chija chinalinso nzeru ya amayi. Anati chimenecho chinali chake, poti amandidziwa.

Mathithi amene tinayenera kukaona tsiku limenelo alipobe, ndikukhulupirira. Ine ndinatsika phiri. Iye ananditsatira mpaka mu minibasi ya ku Mangochi, ndipo jekete lake lija analivula pa Ulongwe thukuta lili chuchuchu.

Tinafika dzuwa likadali pamutu. Mwana anali pakhonde, dzanja lina mandasi, lina kapu ya thobwa. Pepala langa la malangizo linali litapindidwa kanayi pansi pa mwendo wa tebulo umene umagwedera. Atandiona anataya mandasi aja n'kuthamangira bulauzi. Amayi anamugwira m'mwamba.

"Usayerekeze, iwe. Mkaka umenewo wagona."

Ndinawafotokozera zonse zomwe ndinaphunzira, kuti mkaka wa m'mawere suwonongeka, kuti mwana ayenera kuyamwa mpaka zaka ziwiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati iwo analera ana asanu ndi mmodzi popanda felemu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene akuwaphunzitsayu. Bambo a mwana anali atapita kukaona ngati njinga ili ndi mpweya.

Ndinati chabwino, ndimusambitseko, wadetsedwa ndi thobwa. Ndinalowa naye kubafa, n'kuvundikira ndowa ya amayi, n'kukhalapo. Apa ndiulule chinthu chomwe sindinauzepo munthu. Ndisanamupatse, ndinafinyira mkaka pachala n'kulawa. Ine, wa setifiketi. Unali wotsekemera ngati kale, komabe ndinafinyira wina pansi, kuti ngati pali wogona utuluke. Kenako ndinamupatsa. Anayamwa akundiyang'ana ndi diso limodzi, ngati akufunsa komwe ndinali.

Masiku awiri otsatira ndinakhala ndikufunyulula thewera lililonse n'kuliyang'ana padzuwa, mtima uli m'mwamba. Akanatsegula m'mimba, ngakhale chifukwa cha mandasi, mlandu ukanakhala wanga mpaka imfa. Sanatsegule.

Munthu wolimba mtima akanapita kwa amayi n'kuwauza kuti taonani. Ine ndinapitiriza kumusambitsa. M'mawa, masana, madzulo. Kwa miyezi isanu panalibe mwana woyera ngati wanga m'Mangochi monse. Bambo ake ankadabwa kuti sopo sakutha. Amayi nawo ankauza aliyense wobwera kudzagula makala kuti njira ya Zomba ndi yabwino, masiku awiri okha mwana analeka osalira n'komwe, ndipo mayi wina wapafupi anayamba kale kuumiriza mwamuna wake kuti amutengere kuphiri.

Tsiku lina ndikulowa kubafa ndinapeza kampando kathabwa pomwe pankakhala ndowa. Amayi anali panja akusankha mpunga, ndipo sanadzutse mutu.

"Ndowa yanga mwaipinda ndi kukhalira," anatero. "Muzisambira pamenepo."