Kulira kwa Mabuleki pa Mtsetse

Mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga wamkulu, anakalambira pa chiwongolero. Moyo wake wonse wa ntchito anali dalaivala wa banja limodzi lokha, ndipo galimoto yomaliza imene anayendetsa inali yakuda, yaitali, ya mipando yachikopa, yolemera ngati nyumba. Amakaniko a kugalaja anamupatsa dzina loti Phazi la Mphaka, chifukwa akamaponda buleki wokwera sankadziwa n'komwe. Galimoto zolemera zoterozo zimadya mapadi a mabuleki msanga, koma ake ankakhalitsa mpaka amakaniko ankamunena kuti, "Inu a Phazi, mukufuna ana athu azigona ndi njala?"

Nyumba ya abwana ake inali kumapeto kwa msewu wotsetsereka, chipata chili m'munsi mwenimweni mwa mtsetsewo. Chaka chimene abwanawo anadwala, mabuleki anayamba kulira pamalo pamenepo, kamawu kakuthwa ngati ka mbalame yogwidwa pa ulimbo. Mlamu ankadziwa tanthauzo lake: mapadi atha, ayenera kusinthidwa asanayambe kudya madisiki, zitsulo zozungulira zija zimene amagwira. Anawauza abwana pochokera kuchipatala.

"Tidzasintha ndikachira," anayankha abwana ali chitsamire kumbuyo. "Alekeni azilira. Mayi kunyumba akamva amadziwa kuti ndabwerako wamoyo."

Zinalidi choncho. Kulirako kukangomveka, akazi awo ankatulukira pakhonde, dzanja lili pa mzati, kudikira kuti chitseko chakumbuyo chitseguke. Kenaka linafika tsiku limene galimoto inatsika mtsetse uja ikulira monga mwa masiku onse, koma kumpando wakumbuyo kulibe munthu.

Maliro atatha, mlamu anayamba kuyendetsa mayi aja. Atawakumbutsa za mabuleki, iwo anapukusa mutu.

"Musawakhudze. Ndi mawu okhawo amene anandisiyira."

Ankamutuma timaulendo topanda pake, kukagula sopo pamene sopo ali m'nyumba, n'cholinga choti amve galimoto ikubwerera. Pang'ono ndi pang'ono kulira kuja kunasanduka kukukuta kwa chitsulo pa chitsulo, ndipo chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwake. Mlamu anaonda. Tsiku lina ndili kwawo, ndinamuona atangokhala duu, mbale ili patsogolo osaikhudza.

"Bambo, kumvera kwanuku kwanyanya," anatero mchemwali wanga. "Mudzawaperekeza mayiwo kwa amuna awo, inu muli patsogolo. Ine zaumasiye sindinakonzekere, mwamva?"

Mlamu anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike m'maso.

Mvula itayamba, galimoto inakana kuima pa mtsetse paja. Inaseseleka mpaka kukagunda chipata ndi mphuno, mayi ali kumbuyo. Palibe anavulala. Mlamu anawatsegulira chitseko, nawatsatira m'chipinda chochezera, mmene anali asanakhalemo pansi chiyambire ntchito, naika makiyi patebulo.

"Mayi, abwana ndinawanyamula mpaka tsiku lomaliza osawagwedeza. Inu sindikufuna kukupititsani kumene ali. Ndiloleni ndikasinthe, apo ayi makiyi anu ndi awa."

Mayi anayang'ana makiyiwo nthawi yaitali. Kenaka anawakankhira kwa iye ndi chala chimodzi.

Kugalaja, makaniko wamkulu atachotsa matayala anaimba mluzu. "Kodi mphaka uja anasanduka njovu liti?" Anamuonetsa mapadi, atatsala ngati tsamba louma, ndi madisiki atakumbika mizere ngati munda wolimidwa kumene. "Mukanabwera atangoyamba kulira, tikanasintha mapadi okha. Tsopano madisiki nawo apita." Mlamu anaima pambali chipewa chili m'manja, monga amaimira munthu pamanda, mpaka zitsulo zakalezo zitaponyedwa pa mulu wa zinzake.

Anabwerera masana, dzuwa likuswa mtengo. Anatsika mtsetse uja, naika phazi lake lofewa pa buleki, ndipo galimoto inaima pachipata ili zii, ngati mthunzi. Mtima unamuwawa poganiza kuti lero mayi satuluka. Koma atakweza maso anawaona ali kale pakhonde, dzanja lili pa mzati.

"Ndakumvani mukutsika," anatero mayi, nkhope ili yowala. "Lero alira bwino kuposa kale lonse."

Mlamu sanawatsutse. Anawayendetsa mwabata zaka zonse zimene zinawatsalira, ndipo nthawi iliyonse akabwerera yekha ankawapeza atatuluka kale. Atakalamba, maso atachita khungu moti makiyi sakanawagwiranso, ndinamufunsa ngati mayi aja anali atasokonezeka mutu. Anasisita bondo la mwendo wake wa buleki.

"Kaya, alamu," anatero. "Koma ine kuyambira tsiku lija, ndikafika pa mtsetse paja, sindinkayang'ananso pagalasi loonera kumbuyo, kumene ankakhala abwana."