Mawu a Madamu Sakala

Mukanafika pa sukulu ija ya kuseri kwa phiri, m'boma la Vubwi, zaka zingapo zapitazo, simukanafunsa kuti kalasi ya Madamu Elina Sakala ili pati. Mukanangotsata mawu. Amayi a pa mjigo ankaimva kalasiyo, olima m'madimba ankaimva, ndipo anthabwala ankati ngakhale ana a ku Malawi, kutsidya kwa malire, ankaphunzira ulere kwa mayiyu.

A Elina anabadwira kufupi ndi Sinda, m'banja la alimi opemphera. Pakhomo ankalankhula Chinsenga, kumsika Chichewa, ndipo mawu awo aja anakulira m'kwaya ya ku tchalitchi. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi anawatumiza ku Vubwi, kumene anzawo ankati munthu sakhalitsako. Mvula ikangoyamba msewu unkasanduka phala, ndipo aphunzitsi atsopano ankayamba kupempha kusamutsidwa katundu asanamasule n'komwe. Iwo anakhala. Amuna awo anawaika m'manda a komweko, ana awo anakulira komweko mpaka kuchoka, ndipo imvi zinawapeza ali mu Giredi 3 yomweyo.

Musaone ngati ndi ntchito yamasewera. Kalasi inkadzaza mpaka pakhomo: ena pa madesiki, ena pa njerwa, ena pansi penipeni, miyendo ili tambalale mpaka pa bolodi. Mabuku anali owerengeka, moti limodzi ana ankaliunjirira ngati nkhuku pa madeya. M'dzinja denga linkadontha, ana ankabwera m'mimba muli pululu, ena n'kusowa masiku ambiri chifukwa cha kupalira. Nanga munthu mmodzi ungawaphunzitse bwanji ana oterewa? A Elina anali ndi njira yomwe nawonso anaphunzitsidwa nayo. Ankalemba nkhani pa bolodi, n'kuloza ndi kamtengo, n'kuwerenga mokweza, kenako amvekere, "Tonse pamodzi!" Kalasi yonse inkabwereza mpaka malata kunjenjemera. Ahedi ankamwetulira mu ofesi mwawo, ndipo makolo odutsa ankati apa ndiye pali sukulu.

Mwa ana onsewo, wa mawu okoma anali Doreen, kamtsikana kochepa thupi, ka maso akuthwa, kokonda kukhala kutsogolo. Madamu asanatsitse kamtengo, iye amakhala atafika kale kumapeto kwa mzere. Temu yomaliza ya chaka itangoyamba, atate ake, a Ezekieli Mvula, mlimi wa thonje, anafika pa sukulupo akukankha njinga. Anali munthu wosachulutsa gaga m'diwa. Anati mlongo wawo wa ku Mozambiki wabereka mapasa, akufuna mwana wokamuthandiza kulera, ndipo iwo aganizira Doreen.

"Ine kusukulu sindinapondeko, madamu," anatero. "Akulu ake awiri anatha zaka pompano, lero ngakhale dzina lawo sangaliwerenge. Uyunso ndimutaye chimodzimodzi?"

A Elina anadziguguda pachifuwa. "Bambo Mvula, mwana wanuyu ndiye nambala wani pa kuwerenga. Mubwere tsiku lotsekera, mudzamve nokha. Mukadzapanda kukhutira, mudzamutenge."

"Chabwino. Ndidzabwera, ndidzamve."

Akanadziwa mayi wathu!

Pofika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi la choko lili koboo m'kalasi, mawu aja anayamba kusasa. Anayesa uchi, anayesa mandimu ndi madzi otentha, koma ayi ndithu. M'mawa wina anatsegula pakamwa kuti ati "Tonse pamodzi," munangotuluka mpweya. Kuchipatala anawauza mosapsatira kuti kukhosi kwawonongeka ndi kukuwa kwa zaka zonsezi, ndipo akaumirira, mawuwo adzapita osabwereranso. Chomwe chinawatsalira n'kunong'ona basi.

Mphunzitsi wowagwirira kalasi panalibe, poti aliyense anali ndi chigulu chake. Tsono anayamba kuyendera mwana mmodzimmodzi, n'kumagwada pambali pake, buku lili m'manja. Anayambira kwa Doreen, kufuna kudzilimbitsa mtima. Anatsegula tsamba la pakati n'kuloza liwu loyamba ndi chala.

Doreen anayang'ana liwulo, kenako anayang'ana pakamwa pa madamu, kudikira.

"Werenga," ananong'ona a Elina.

Mwana uja anayamba kulakatula nkhani ya pa tsamba loyamba, bwinobwino osaphonya, pomwe buku linali lotsegula pena. A Elina anaphimba mzere wonse ndi dzanja n'kusiya chilembo chimodzi chokha. Doreen anangoti kukamwa yasa, misozi ili lengelenge. Sankachidziwa. Zonse zija ankangozigwira ndi khutu, monga mmene munthu amagwirira nyimbo.

Tsiku limenelo a Elina chakudya sichinawalowe. Anapeza kuti si Doreen yekha: ambiri mwa ana okuwa kwambiri anali chimodzimodzi. Zinawapweteka zedi, ndipo anachita manyazi ndi mbiri yawo yomwe ija ya pa mjigo. Anakumbukira akulu ake a Doreen, omwe nawonso anadutsa m'manja mwawo akuyankha mokoma. Koma nthawi yokhalira kulira panalibe, Disembala anali atayandikira.

Anayamba kumutsalitsa Doreen masana anzake akaweruka. Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa kalasi, ankalemba pa dothi ndi kamtengo kaja: ma, me, mi. Mwanayo mutu anali nawo. Zilembo zinayamba kulowa, kenako kugwirana, ndipo tsiku lina anawerenga yekha liwu loti "mbuzi" n'kudumpha ngati walumidwa ndi linthumbu. A Elina anaseka mpaka kutsokomola. Koma kuwerenga kwake kunali kwa mwana wophunzira kuyenda, kugwa n'kudzuka, kubwerera m'mbuyo, kuyambiranso.

A Elina ankadziwa kuti a Ezekieli adzaweruza ndi khutu, nanga akanaweruza ndi chiyani? Nkhaniyi inawasautsa masiku ambiri. Mawa lake lili tsiku lotsekera, anamuitana Doreen pambali.

"Mawa udzatsegule tsamba loyamba, nkhani ija umaidziwa pamtima. Udzainene bwinobwino monga kale. Wamva?"

"Koma madamu, kuja si kuwerenga. Munanena nokha."

"Ndikudziwa, mwanawe. Udzachite zomwe ndakuuzazi, kuti chaka chamawa ndidzakuone pano."

Doreen anangoweramitsa mutu.

Tsiku lotsekera ndilo tsiku lomwe mphunzitsi amaiwala kuti miyendo imapweteka. Kunacha bwino, mvula itapumira. Ana anasesa bwalo lonse, makoma ndi miyala ya m'mbali mwa njira zili mbuu ndi laimu. Makolo anapha mbuzi, mpunga unali pamoto, thobwa litadzaza ndowa. Atsikana a Giredi 7 anavina chitelele mpaka fumbi kukwera, aphunzitsi aamuna ali m'masuti ngakhale thukuta linali kamukamu. A Elina anavala chitenje chatsopano n'kukhala kumapeto kwa benchi ya aphunzitsi. A Ezekieli anakhala kutsogolo kwenikweni, chipewa chili pa bondo.

Ahedi ataitana dzina la Doreen, ng'oma zinaleka. Mwana uja anaima pakati pa bwalo n'kutsegula buku. A Elina anaona tizala take tikudutsa tsamba loyamba, tikupitirira, mpaka pakati penipeni, pa nkhani yomwe kalasi inali isanaimvepo. Anafuna kukuwa kuti "Iwe, ayi!" koma akanakuwa ndi mawu ati?

Doreen anaika chala pa tsamba. "M-mvu... mvula... i... itagwa..." Anaima, anabwerera, anayambanso. Liwu lililonse ankachita kulikumba ngati mbatata pa nthaka youma. Kumbuyo wina anaseka. Amayi omwe anali atakonzekera nthungululu anangoyang'anizana. Koma mwanayo sanasiye mpaka anafika kumapeto kwa ndime, ndipo sanadumphe liwu ndi limodzi lomwe. Anadzutsa mutu, nkhope ili ngwee, n'kuyang'ana atate ake.

A Elina okha ndiwo anaomba m'manja ndi mphamvu, misozi ikutsika. Ena onse anangoomba mwaulemu. A Ezekieli anavala chipewa chawo n'kunyamuka.

Ng'oma zinayambiranso. A Elina anawathamangira n'kuwapeza akuchotsa njinga pa mtengo, Doreen ali pambali. Anawagwira mkono wa malaya. Anafotokoza zonse: kuti uku ndiye kuwerenga kwenikweni, kuti kale kuja kunali kuloweza chabe, kuti wolakwa ndi iwo monga mphunzitsi, osati mwana. Koma zonsezo ankazinena monong'ona, ng'oma zikugunda, anthu akuimba, ndipo a Ezekieli ngakhale anatchera khutu ankangotola tizidutswa.

"Madamu, musadzivutitse, mukudwala inu," anatero mwaulemu. "Munati ndidzamve ndekha, ndipo ndamva. Kale kunyumba ankanena bwino kuposa apa, ndiye kuti akubwerera m'mbuyo. Kwera, Doreen."

Doreen anakwera kumbuyo kwa njinga. Nkhope ija inali itazima.

M'mawa mwake a Elina anatenga mphunzitsi mnzawo, a Sylvester, kuti akawalankhulire, ndipo anayenda wapansi mpaka kumudzi kwa a Mvula. Anapeza amake a Doreen okha ali kumunda. Bambo ndi mwana anali atalawirira, ndipo nthawi imeneyo anali atawoloka kale malire. A Ezekieli atabwerako, a Sylvester anawafotokozera zonse momveka bwino. Bambo aja anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mwana anamupereka kale kwa mlongo wawo, sangakamulandenso.

Sukulu itatsegulira mu Januwale, a Elina anazungulira kuseri kwa kalasi, ku mtengo wa mango uja. Pa khoma, cha m'munsi, panali palembedwa ndi khala, zilembo zopendekeka, zina zazikulu zina zazing'ono: DOREEN AMAWERENGA. Mwana uja ayenera kuti analemba m'mawa wa tsiku lotsekera lija, laimu atangouma. A Elina anakhala pansi pomwepo n'kulira, osasamala kuti ana akuwaona.

Masiku ano kalasi ya Madamu Sakala simvekanso pa mjigo, ndipo pali anthu omwe amati mayi uja anatha. Asiyeni azinena. Mawu anabwererako pang'ono, koma "Tonse pamodzi" sanamutchulenso. Amayendera mwana mmodzimmodzi, chitenje chili mbuu m'mawondo, ndipo tsiku limatha asanawafikire onse. Chaka chilichonse, ana akamapaka laimu pokonzekera tsiku lotsekera, a Elina amakaima pa khoma lija n'kutambasula dzanja, opakawo n'kulambalala. Mvula ikazifufuta zilembozo, iwo amadutsitsamo khala, kutsata mmene mwini wake anazipendeketsera.

Za Doreen amangomva kwa amake kuti ali bwino, ndi kuti mapasa aja anayamba kale kuyenda.