Misomali ya pa Khoma la a Dokotala

Ukalipentala ndinauphunzira ku Limbe nditasiya sukulu mu Sitandade 6. Kwathu msomali umamenyedwa mpaka mutu ulowe, chifukwa lata lomasuka limapita ndi mphepo ya mvula yoyamba. Nditabwera ku Maryland kwa mwana wanga, ndinayamba kukhoma sayidingi, mapepala aatali a pulasitiki amene amakutira makoma a nyumba kunja. Apa lamulo ndi lina. Pulasitiki imatalika kukatentha, imafupika kukazizira. Msomali umaukhoma pakati pa kabowo ka m'mphepete mwa pepala, n'kusiya mpata wolowa chikhadabo, kuti pepala lizisuntha. Dzanja langa linakana chaka chathunthu. Litavomera, ndinakhoma zaka zambiri popanda wodandaula.

Kenako anandiitana a Dokotala, Mmalawi mnzathu wofufuza za matenda ku Bethesda. Anali atagula nyumba yakale kufupi ndi College Park, ndipo khoma la kumadzulo linali losweka. Ndinaligwira ndekha masiku anayi m'mwezi wa Malichi, kukuzizira. Tsiku loyamba a Dokotala anakankha ndi dzanja pepala limodzi, linasuntha.

"Madala, bwanji likugwedera? Mphamvu zatha?"

"Limafunika kutero, a Dokotala."

Anaseka. "Kwathu tikanati simunadye."

Ndinapitiriza kukhoma. Ine za matenda sindiwaphunzitsa.

Mu Julaye, dzuwa likuswa mtengo, mwana wanga anandionetsa foni. Pa gulu la Amalawi a kuno, a Dokotala anali ataika chithunzi cha khoma lija. Mizere itatu inali itapindika ngati lata lopondedwa ndi ng'ombe. Pansi analemba kuti tileke kulemba anthu ntchito chifukwa cha chisoni, okalamba ena dzanja linatha. Dzina sanatchule, koma wokhoma sayidingi waimvi pakati pathu ndine ndekha. Lachisanu ku mzikiti anthu anandipatsa moni akuyang'ana pansi. Mayi ena a ku ofesi ya kazembe, amene tinapangana kuti ndikakhome kwawo, anaimba kuti aganize kaye.

Loweruka ndinamanga makwerero pagalimoto n'kupita osaitanidwa. Ndinaima pansi pa khoma n'kuwerenga mizere. Wopindika uliwonse unali umene ndinalekezera poweruka. Mzere wotsiriza wa tsiku umagona misomali ili poyera, mpaka m'mawa ndikauphimbe ndi wina.

A Dokotala anatuluka atavala kabudula, akazi awo ali pambuyo. Ndinakwera, ndinakowa pepala ndi kachitsulo kotsegulira, n'kulitukula. Misomali inali itamenyedwa mpaka pulasitiki kuphwanyika. Pakati pake panali ina yoonjezera, yaifupi, imene ine sindigula.

"Iyi si hamala yanga," ndinatero.

"Ndiye ya ndani? Ine ndine munthu wa mu labu."

Akazi awo anaomba m'manja kamodzi. "Bambo a ana, musandichititse manyazi. Si inu munkakwera mukaweruka, tayi ili m'khosi? Makwerero ndinkagwira ndine!"

A Dokotala anakanda m'mutu. "Ndimangothandiza. Bambo anga ankati msomali wosalowa ndi ulesi."

"Bambo anu ankanena zoona. Ankakhoma malata."

Cholakwa changa ndi chimodzi, ndipo ndinachinena pomwepo: m'mawa sindinkayesa mzere wadzulo ndisanauphimbe. Sindinkadziwa kuti pambuyo panga pali mmisiri wina.

"Pepani madala. Tiyeni m'nyumba, tiyi alipo."

"Munandinyoza pagulu. Lembani pomwe munalemba."

Anatulutsa foni, analemba, anandionetsa. Akuti panali kusamvana pang'ono.

"Ine ndinamva bwino. Lembani amene anagwira hamala."

Anandiyang'ana, anayang'ana akazi awo. Mayiwo anangopinda manja. A Dokotala anafufuta, analembanso, chala chikulemera. Ndinawauza awerenge mokweza, chifukwa Chingerezi changa n'cha pantchito. Anawerenga. Pamenepo ndinakwera n'kuyamba kuzula misomali yawo, umodziumodzi, ndikuiponya m'chitini pafupi ndi mapazi awo. Tiyi sindinamwe.

Chithunzi chija anthu ambiri anachiyankha, ena ndi tinkhope toseka. Kupepesaku anayankha ochepa. Oseka aja ndimawadziwa, ndipo moni wawo ndimauyankha ndi mawu amodzi.

Lolemba mayi a ku ofesi ya kazembe anaimbanso. Ndinati ndibwera Lachitatu, koma hamala ya amuna awo aitsekere m'kabati.