Chigongono cha Mayi pa Chimbale Chatsopano

A Lumo amameta anthu m'kachipinda koyang'anizana ndi pokwerera basi, ndipo aliyense amene anakhalapo pampando wawo wolira uja akudziwa kuti kumeneko sunkangometedwa. Unkaoneranso filimu, ufune usafune. Inali imodzi yomweyo, ya pa tepi yakale yomatamata ndi selotepi.

Sikuti inali yokoma, ayi. Nkhani ndi yakuti kalekale opanga filimuyo anadzajambulira pokwerera basi pomwepo, ndipo akazi awo a Lumo, pochokera kumsika ndi ambulera yawo, analowa pakati osadziwa. Wina atawakodola kuti apatuke, mayiwo anaima, n'kuyang'ana kamera, n'kufunsa mokweza kuti, "Msewuwu ndi wa bambo ako?" Zonsezo zinalowa mufilimu. Mayiwo atamwalira, zithunzi zimene zinatsala n'zoti anaima chilili ngati msilikali. Akuyenda, akukalipa, anali pa tepi pokhapo.

Filimu ikafika pamenepo, makina ometera ankazima. Munthu unkakhala mutu mbali ina mbee, mbali ina thengo.

"Madala, ndichedwatu kuntchito."

"Khala chete iwe, alamu ako akulankhula."

Koma tepi imakalamba ngati munthu. Chithunzi chinayamba mizeremizere, deki yoonetsera filimu n'kumatafuna tepiyo, a Lumo n'kumaikulunganso ndi cholembera, lilime lili panja.

Chaka chatha anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi waukhondo woti ntchentche imamuthawa, anati awakonzere malo ometera aja asanatuluke. Anasesa, anapaka penti, deki ndi tepi n'kuponya m'galimoto ya zinyalala. M'malo mwake anagula makina atsopano oonetsera filimu ndi chimbale cha filimu yomweyo, cholembedwa pachikuto kuti mwini wake waikonzanso mmene ankafunira poyamba.

"Ababa, lero amayi muwaona bwinobwino, opanda mizere," anatero tsiku limene bambo ake anatuluka.

A Lumo anayang'ana pamene pankakhala deki, n'kukhala pampando wa makasitomala. Telala wa khomo linalo anabwera ndi lumo lake la nsalu m'manja, mayi wogulitsa nthochi n'kuima pakhomo. Chithunzi chinali chowala ndithu, mpaka dzimbiri la pabasi linkaoneka. Basi inafika. Mwamuna wa mufilimu anatsika ndi chikwama chake. Mwadzidzidzi anali kale m'nyumba, akumwa madzi.

"Yadumpha," anatero telala. "Tabwezani."

Anabweza. Sinali kudumpha. Mwini filimu anaona mayi wokalipa uja ngati chilema pantchito yake, n'kumudula.

Mwana uja anagwira pakamwa. "Ababa, sindimadziwa. Ndipita kudzala, ndikafukula."

"Galimotoyo inapita liti?"

"Mutangogonekedwa."

A Lumo anagwedeza mutu. Kenaka anati, "Bweza pang'ono. Imika pamenepo." Anadzuka, n'kukaika chala pakona ya kanema. Panali nsonga ya ambulera, ndi chigongono cha munthu.

"Ndi awa."

"Mwina ndi munthu wina, achimwene," anatero telala mwachifatse.

"Chigongono ichi chandigunda m'nthiti moyo wanga wonse. Ndingachisokoneze?"

Anthu anaseka pang'ono, kenaka aliyense anayang'ana pansi.

Mwanayo kudzala anapitadi, anabwerako ndi chimfine chokha. Masiku ano amazungulira m'misika kufunsa ogulitsa zakale, koma onse amamutulutsira chimbale chowala chomwecho, n'kumuuza kuti ndi chabwino kuposa. Bambo ake sanamukalipirepo, ndipo akuti chimenecho ndicho chikumuwondetsa.

A Lumo akumetabe. Aliyense wokhala pampando amafunsidwa ngati kwawo kulibe katoni ya matepi akale, mwina kwa amalume, mwina pansi pa bedi. Ambiri amalonjeza kuti akayang'ana. Tsiku lina a Lumo anauza telala kuti nkhope ya mayi akuikumbukabe, koma mawu aja ayamba kuwathawa. Akati awamve m'mutu, akumamva mawu a iwo eni.