Abambo Tarsisio, Oimaima Panjira ya ku Fonte Boa

Akhristu a ku Fonte Boa, ambiri mukuwakumbukira abambo Tarsisio ataima pambali pa msewu, chipewa chili m'manja, milomo ikugwedera. Ndikulemba za iwo mtima ukundiwawa, chifukwa chimene chinkawaimitsa chinadziwika madzi atafika kale m'khosi.

Anabadwira m'banja la alimi a mbatata ya kachewere, ndipo bambo awo anamwalira iwo akali aang'ono. Anasiya maphunziro n'kupita ku Kalomwe kukanyamula katundu panjinga kuti alere abale awo. Kumeneko, pothawa kuzizira kwa m'malire, anaphunzira kusuta chingambwe. Atakwatira amayi Laurinda anabwerera kumunda, ndipo parokiya inawasankha kuti azipititsa Ukaristiya kwa odwala. Njinga anali nayo, koma pa ntchito imeneyi ankayenda wapansi. Ankati, "Ambuye sakwezedwa panjinga ngati thumba la chimanga."

Imvi zitayamba, anayamba kuima panjira. Akatumba a mwendo wakumanzere ankawagwira ngati awamanga ndi luzi, koma akaima pang'ono ululuwo unkatha. Posafuna kudandaula atanyamula Ambuye, ankavula chipewa n'kunena Tikuoneni Maria. Anthu anagoma nazo, ena mpaka kumawatsanzira. Poyamba ankaima pamlatho pokha, kenaka pafupifupi pamtengo wa bulugamu uliwonse. Anthu ankangoti chikhulupiriro cha mkuluyu chikukula.

Amayi Laurinda okha ndiwo ankada nkhawa, chifukwa phazi la amuna awo linkazizira ngati mwala wa mumtsinje. Koma kumapiri kuno ndani ali ndi phazi lotentha? Aliyense ankati ndi chisanu. Kenaka abambo Tarsisio anapunthwa, ndipo kabala ka pachala sikanapole.

Tsiku lina analowa mufarmasiya ina, sitolo ya mankhwala, ku Ulongwe kukagula mafuta opaka a nyamakazi. Kumeneko anali atayamba kuyeza achikulire ngati magazi akuyenda bwino m'miyendo. Wogulitsa mankhwala, a Ercília, anawafunsa ngati amasuta, ndiponso ngati ululuwo umatha akaima. Anawagoneka, n'kuwamanga choyezera magazi pamkono, kenaka pakakolo. Atayerekeza ziwirizo, nkhope ya a Ercília inagwa.

"Abambo, iyi si nyamakazi ayi. Mitsempha ikutsekeka, magazi sakufika bwino kuphaziku. Chonde pitani kuchipatala sabata yomwe ino."

"Mwana wanga, Pasaka wayandikira, odwala anga akundidikira. Ikangotha misa ya Pasaka ndidzapita."

"Phazili silidikira Pasaka, abambo. Ndakupemphani."

Anathokoza mwaulemu n'kuvala chipewa. Anayendera odwala awo onse, osasiyako ngakhale mmodzi. Pasaka atapita, chala chija chinali chitada bii. Amayi Laurinda anawakweza shapa, minibasi ya ku Tete, akulira, ndipo kumeneko mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Madokotala ananenanso kuti nthenda yomweyo yafika m'mitsempha ya mtima. Pamenepa ine sindibisa: kudzipereka kwa abambo Tarsisio ndimakulemekeza, koma kuchedwa kumeneku kumandikwiyitsa mpaka lero.

Atabwerako anataya fodya, n'kupempha kuti awanyamule kupita kumisa. Mwambo utatha anayankhula atakhala pampando.

"Abale anga, ndinkapempheradi, koma chondiimitsa chinali mwendo. Kubisa ululu si kupirira ayi. Amene mumaima ngati ine, kayezetseni mudakali ndi miyendo iwiri."

Kenaka anzawo a paubwana, abambo Inosenti, amene nawonso ankaimaima panjira, anadzuka. "Achimwene, inenso umandigwira. Ndimabisala kumbuyo kwa pemphero lanu." Mawa lake anapita ku Ulongwe, ndipo a kuchipatala anawathandiza nthawi ikadalipo.

Abambo Tarsisio sanaonenso Pasaka wina. Mtima unkafooka mwezi ndi mwezi, koma ankalandira alendo akumwetulira, kolona ili m'manja. M'mawa wa Lamulungu lina abambo Inosenti anawabweretsera Ukaristiya, wapansi monga mwa mwambo wawo. A Tarsisio anayang'ana miyendo ya anzawowo nati, "Yayenda bwino." Analandira Ambuye, natsinzina, osadzukanso.

Mulungu awalandire. Masiku ano mukaona wachikulire ataima panjira ya ku Fonte Boa, chipewa chili m'manja, musiyeni amalize pemphero lake. Akatero musenderereni pafupi, mumufunse mwaulemu: "Pepani, mumapemphera chabe, kapena ndi mwendo?"